Bala la Pansi pa Goli

1. Oyilo wakutha

Aliyense amene wayendako m'matauni amadziwa kuti kuseri kwa msika kumakhala malo amene oyendetsa ngolo amadikirirapo katundu. Pamalo oterowo sipasowa zinthu zitatu: fumbi, nthabwala, ndi abulu okhala ndi zilonda pakhosi. Bambo ake a Kachiwala anali mmodzi wa anthu a pamalo otere. Anzawo ankawatcha a Ndevu.

Kachiwala anali mtsikana wa Fomu 1, wamiyendo italiitali, woyenda ngati akudumpha. Lachitatu lililonse akaweruka kusukulu ankapita ndi anzake a kalabu yoteteza nyama kukathandiza kukhola la opulumutsa nyama. Kumeneko ankasesa, kutunga madzi ndi kusambitsa agalu otoledwa mumsewu. Anali atapitako kanayi kokha, ndiye za abulu anali asanaphunzire.

A Ndevu anali ndi abulu awiri. Wamphongo ankatchedwa Kapitawo, chifukwa akamalira ankakhala ngati akulamula anthu pantchito. Wamkazi anali Dona. Ameneyu akaona chithaphwi ankaima n'kucheukira mwini wake ngati akufunsa kuti, "Ine ndiponde mmenemu?"

Onse awiri ankakoka ngolo ndi goli lamtengo limene agogo ake a Kachiwala ankamangira ng'ombe zawo kalekale. Golilo linali losalala, lakuda ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo a Ndevu ankalinyadira kuposa njinga yawo.

Lachisanu masana, Kachiwala pobwera kusukulu anapeza bambo ake kuseri kwa nyumba atagwira chitini ndi kansanza. M'chitinimo munali oyilo wakutha, wakuda bii, amene anapempha kugalaja. Ankamupaka pakhosi pa Dona, pamene goli limakhala. Dona ankanjenjemera khungu n'kumaponda pansi.

"Bambo, chilondacho chikukulatu," anatero Kachiwala.

"Chikukula kuti? Oyiloyu amathamangitsa ntchentche. Agogo ako ankachita chomwechi, ndipo ng'ombe zawo zinafa ndi ukalamba."

"Nanga bwanji osawaonetsa Mayi Majombo? Akuti mawa akubwera kumalo anu odikirira katundu kudzaona abulu."

Mayi Majombo anali dokotala wa ziweto amene ankayang'anira khola lija. Dzinali anawapatsa ndi oyendetsa ngolo, chifukwa kaya kutenthe chotani sankavula jombo zawo zamphira.

A Ndevu anaika chitini pansi, n'kupukuta manja pathalauza.

"Khala apa, mwanawe, undimvetsetse. Ine sindikuletsa kukasambitsa agalu a eni. Kasambitse, mwina udzakhala dokotala, ndidzanyadire. Koma anthu ovala jombo aja samadziwa kumene chakudya cha m'nyumba muno chimachokera. Iwo akaona kachilonda amangoti nkhanza, nkhanza, kenako bulu amukweza mugalimoto, ndiye kwatha. Tinamva kuti kwina anachita zimenezo. Ine Dona ndinamulera kuyambira ali kamwana, ankandilondola ngati galu. Yunifolomu wavalayo ndi khosi la Dona. Nsapato zakozo ndi khosi la Dona. Ndiye tagwirizana ndi anzanga kuti mawa abulu onse azilonda akakhale kuseri kwa mauvuni a njerwa mpaka alendowo atapita. Ine ndilawira ndi Kapitawo kuti akamuone, poti iye ndi wosalala. Iwe ukamumangirire Dona kumauvuni. Masana ndidzamutenga, kuli njerwa zoti tikatute. Ndipo pakamwa pako potsekapo. Za m'nyumba sizituluka ndi mwana. Wamva?"

"Ndamva, Bambo."

2. Pamphambano

Loweruka m'mawa a Ndevu ananyamuka ndi Kapitawo. Kachiwala anatsuka mbale, n'kumasula Dona.

Tsiku limenelo Dona sanali Dona. Madeya amene anamuikira sanawakhudze. Makutu anali atagwa, mutu uli pansi. Panjira anafika pachithaphwi cha madzi otayikira pampopi, ndipo Dona anangodutsa mommo, phwa phwa, osaima n'komwe.

Kachiwala anaima. Anagwira khutu la bulu uja n'kumva kutentha ngati mbale yosiyidwa padzuwa. Kenako anatola kamtengo n'kukanda pang'ono oyilo amene anauma pakhosi paja.

Chikhungwa chakuda chinatukuka. Pansi pake panatuluka fungo limene linamubweza m'mbuyo. Chilonda chinali chakuya, chamafinya, ndipo m'mphepete mwake munali mphutsi zoyera zikuyendayenda.

"Mayo ine, Dona!" anatero mtsikanayo. "Ndiye masana akuikenso goli pamenepa?"

Patsogolo pawo panali mphambano. Njira yakumanzere inkapita kumauvuni, ndipo utsi wake unkaoneka. Yakumanja inkatsikira kumsika.

Mayi wina wogulitsa makala, amene anakhala pamphambanopo, anamuyang'ana n'kuseka.

"Iwe mwana wa a Ndevu, waima ngati wataya singano bwanji? Anzawo a bambo ako onse alowera uko, kumauvuni. Abulu asanu adutsa pano m'mamawa, eni ake akuyenda monyang'ama ngati akukabisa mowa."

"Zikomo, mayi," anayankha Kachiwala.

Anakulunga chingwe padzanja kawiri, n'kukhotera kumanja.

"Kumauvuni si kumeneko!" anakuwa mayi uja.

"Ndikudziwa, mayi."

3. Mwini chingwe

Pamalo odikirira katundu panali mtengo waukulu wamthunzi. Pansi pake ngolo zinali zitandandalikidwa, ndipo eni ake anakhala pamatayala akutha. Chapatali pang'ono panaima galimoto yoyera. Mayi Majombo anali atayala tebulo lopinda, pamwamba pake pali thonje, mabotolo ndi ndowa ziwiri. Abulu amene anawabweretsera anali onenepa okhaokha, osalala ngati akupita kuchionetsero.

"Koma tauni ino ndi yodala," ankatero mayiwo akuyang'ana mano a Kapitawo. "Ngolo khumi ndi ziwiri, abulu asanu ndi awiri, onse opanda kachipsera. Enawo ngolo mumakoka nokha, abambo?"

"Apita kubusa, adokotala," anayankha a Chipewa, mkulu wa oyendetsa ngolo, amene chipewa chawo chinali chachikulu ngati lichero. Anzawo anaseka chamumtima.

Kuseka kunaduka pamene Kachiwala anatulukira pakona ya sitolo akukoka Dona.

"Aa! A Ndevu, taonani uko!" anatero wina.

"Kumeneku ndiye kuphunzitsa mwana," anatero a Chipewa mokweza. "Timkanena ife. Wawagulitsa bambo ake dzuwa likuswa mtengo!"

Mayi Majombo anamuzindikira mtsikanayo ndipo anatambasula dzanja kuti alandire chingwe. Koma Kachiwala sanapite kutebulo. Anadutsa galimoto, anadutsa ngolo zonse, mpaka anafika pamene panakhala bambo ake.

"Bambo, pepani. Munandituma kumauvuni, koma ndalephera. Sindinauze munthu aliyense kanthu, ndipo sindiuza. Ndangoti muone nokha musanamuike goli. Chingwe ndi ichi. Mwini wake ndinu. Mukati apite kumauvuni, ndimuperekeza."

Anaika chingwe m'manja mwa bambo ake n'kubwerera m'mbuyo.

A Ndevu anaimirira, nkhope ili gwa. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana anzawo, kenako anawerama pakhosi pa Dona pamene chikhungwa chinatukuka.

Anakhala chiweramire nthawi yaitali. Dona anatembenuza mutu n'kuugoneka pamkono pawo.

"A Ndevu, mubwezeni msanga," ananong'ona a Chipewa. "Tinapanganatu. Akamukweza mugalimoto musadzatilirire."

"Akulu," anatero a Ndevu osadzutsa mutu, "wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bulu uyu ndi wanga."

Anakoka chingwe n'kuyenda okha kupita kutebulo, pamaso pa anthu onse.

4. Ng'ombe ndi ng'ombe, bulu ndi bulu

Mayi Majombo sanakalipe. Anavala magolovesi n'kunena kuti, "Bambo, mugwireni mutu, amakudziwani inu. Kachiwala, ndowa."

Anameta ubweya wozungulira chilonda. Anatsuka oyilo ndi sopo ndi madzi ofunda, pang'onopang'ono, mpaka ndowa yoyamba inada bii. Anachotsa mphutsi imodziimodzi ndi kachitsulo kopanira. Dona anafuna kudumpha, koma a Ndevu ankamunong'oneza kukhutu, "Pepa, mayi, pepa. Yatsala pang'ono."

Oyendetsa ngolo, amene poyamba anakhala patali, anayamba kusendera mmodzimmodzi. Atamubaya jekeseni Dona, Mayi Majombo anafunsa kuti, "Goli lake lili kuti?"

A Ndevu analoza pangolo yawo. "Ndi la malemu bambo anga. Silinathyokepo."

"Ndi goli labwino zedi," anatero mayiwo akulisisita. "Amene analisema ankadziwa ntchito. Koma analisemera ndani?"

"Ng'ombe."

"Eya. Tsono tamverani, abambo nonse, poti ndikuona kuti makutu mwatchera ngakhale mukuyang'ana kumbali. Ng'ombe ili ndi linunda, ili ndi khosi lalifupi lokhuthala. Goli likakhala pamenepo limapeza potsamira. Tagwirani khosi la bulu. Linunda lili kuti? Palibe. Pali fupa ndi khungu basi. Mphamvu ya bulu ili pachifuwa. Mukamuika goli la ng'ombe, zili ngati munthu kusenza thumba la simenti pamphuno. Akoka ndithu, chifukwa bulu sadandaula, ndipo tsoka lake ndi lomwelo. Galu akamva kuwawa amalira, mwana akamva kuwawa amalira, koma bulu amangokhala chete mpaka tsiku limene adzagwe pamsewu. Ndiye inu mumati bulu ndi wolimba. Sikulimba kumeneko, ndi kusowa pakamwa. Za oyilo ndiye musandiyambe. Oyilo ndi wa injini. Amaotcha mnofu, amatseka chilonda pamwamba, pansi zinthu zikuola. Mumabisira ntchentche, komanso mumadzibisira nokha. Chilonda chimafuna madzi oyera, kamchere pang'ono, ndi kupuma. Ndipo amene anakuuzani kuti ife timalanda abulu, mukamufunse kuti timakawasunga kuti. Khola lathu ndi la abulu anayi. Ndikalanda anu onse ndikagona nawo kuchipinda?"

Anthu anaseka, ngakhale a Chipewa anakoka chipewa kubisa mano.

"Ndiye Dona simumutenga?" anafunsa a Ndevu.

"Ndimutenga mukalola inu. Chilondachi chafika pakuya, chikufuna kutsukidwa kawiri patsiku kwa milungu itatu. Mukafuna kumuona, bwerani tsiku lililonse, chipata sitikhoma masana. Akachira mudzamutenge ndi dzanja lanu lomweli. Koma mukanamuika goli masana ano ndi njerwa pangolo, sindikudziwa ngati akanafika Loweruka linalo."

A Ndevu anayang'ana ngolo yawo. Milungu itatu ndi yaitali kwa munthu amene ngolo yake imafuna abulu awiri. Aliyense pamenepo ankadziwa zimenezo.

"Njerwa ndikazituta pawilibala," anatero pomaliza. "Msana wanga ulibe chilonda. Mutengeni."

Mayi Majombo anapita kugalimoto n'kubwera ndi lamba wotambalala ngati chikhatho, wosokedwa ndi nsalu zokhuthala, mkati mwake mofewa. Anamuveka Kapitawo pachifuwa, n'kudutsitsa kalamba kena pamsana. Kapitawo anadzigwedeza, n'kulira mokweza ngati wakwezedwa pantchito.

"Uyu ndi wa bulu," anatero mayiwo. "Timasoka ndi mathalauza akutha a jinzi ndi mabulangete akale. Vuto ndi loti ndili naye mmodzi yekha, wongoonetsera. Anthu amaganiza kuti kuthandiza nyama n'kwa olemera. Ayi. Ife timasowa nsanza zolimba, timasowa manja osoka, timasowa udzu wa odwala athu, timasowanso anthu olimba mtima onena akaona nyama ikuvutika. Amene ali ndi chimodzi mwa zimenezi ndi mnzathu."

"Akazi anga ali ndi makina osokera," anatero mnyamata wina wa ngolo yobiriwira, amene anali atangokwatira kumene.

"Iwe chilichonse ndi akazi anga, akazi anga," anamuseka mnzake. "Tikudziwa kuti unakwatira!"

"Ine jinzi ndili nayo, koma ndi yomwe ndavalayi," anatero wina. "Mukaifuna ndibwerera kunyumba ndi thumba."

5. Mwana wa a Ndevu

Dona atakwezedwa mugalimoto, a Ndevu anaitana mwana wawo pambali. Kachiwala anabwera maso ali pansi.

"Iwe," anatero bambowo. "Ndinakutuma kuti?"

"Kumauvuni, Bambo."

"Unapita?"

"Ayi, Bambo."

"Imva tsono. Mwana wosamvera makolo ndimadana naye, ndipo usaganize kuti kuyambira lero uzichita za m'mutu mwako. Ukanapita kwa adokotala mondizembera, n'kukandinenera ngati wakuba, bwenzi lero ine ndi iwe titasiyana mawu. Koma iwe unabwera kwa ine. Unandiika chingwe m'manja pamaso pa anzanga, kuti manyazi ndi ulemu zonse zikhale zanga. Zimenezo sachita mwana. Amachita ndi munthu wamkulu. Tsiku lina udzaona akuluakulu akulakwitsa, kaya ndi ine, kaya ndi aphunzitsi, kaya ndi abwana ako kuntchito. Usadzanong'one kuseri, ndipo usadzakhale chete. Udzachite ngati lero."

Kenako anamugwira paphewa n'kutembenukira kwa anzawo.

"Akuluakulu, mwamuona uyu? Munati wandigulitsa. Uyutu ndi mwana wa Ndevu! Miyendo anatengera amayi ake, koma mtimawu ndi wanga!"

"Mtima wanu uti, umene unabisa bulu kumauvuni?" anafunsa wa jinzi uja, ndipo anthu anafa nalo phwete. A Ndevu anaseka nawo mpaka kupukuta misozi ndi ndevu zawo.

Oyendetsa ngolo atatu ananyamuka mwakachetechete kulowera njira ya kumauvuni. Palibe amene anawafunsa kumene ankapita. Mayi Majombo anangouza Kachiwala kuti, "Katunge madzi ena. Abulu aja akubwerako kubusa."

Kachiwala anatenga ndowa ziwiri kupita kumpopi, akuyenda mutu uli m'mwamba. Ndowa yoyamba isanadzaze, anamva munthu akutsokomola kumbuyo kwake.

Anali a Chipewa. Chipewa chawo chinali m'manja, ndipo aka kanali koyamba Kachiwala kuona kuti anali ndi dazi.

"Mwana wa a Ndevu," anatero motsitsa mawu. "Paja ndinakunenera zoipa."

"Palibe kanthu, akulu."

"Kanthu kalipo." Anapotokola chipewacho ngati akufinya nsalu. "Anzangawo akukatenga awo. Wanga sangafike kuno. Nditamumangirira m'mawa uja anagona pansi. Ndinamukoka, ndinamukankha, osadzuka. Ndiye ndinamufunditsa masaka n'kubwera kuno kudzaseka ndi anthu. Ine pakamwa panga pandilemera kukawauza adokotala. Iwe amakumvera."

Kachiwala anatseka mpopi.

"Mukawauza ndinu, akulu. Ine ndiima pambali panu. Koma tiyeni tithamange. Anagonera mbali iti, ndipo mukuchoka n'kuti akupuma?"

A Chipewa anangonyamula ndowa yamadzi ija, ndipo nkhalamba ndi mtsikana anayamba kuthamangira kugalimoto yoyera, madzi akutayikira m'fumbi.